Dzina Linawoloka Nyanja, Ng'oma Inatsala

Ndinaphunzitsa Chifalansa ndi Chijeremani ku Puducherry zaka zisanu ndi chimodzi ndisananenepo bodza m'kalasi. Mabodza anga ndinkanenera kunja, pa nthawi ya khofi.

Sukulu yathu inali ya zipinda zinayi, pamwamba pa sitolo ya nsalu. Mwini wake anali a Velayudham, bambo wamtali wa ndevu zoyera za pamlomo, amene anakhalapo ku Marseille zaka khumi n'kubwerako ndi chizolowezi chodya tchizi chonunkha chimene wina aliyense mu ofesi ankachithawa. Ophunzira athu sanali ana. Ambiri anali anamwino ofuna ntchito ku Jeremani, ena ophika a m'sitima zapamadzi, ndi atsikana angapo otomeredwa ndi anyamata okhala ku Paris. Ankafika atatopa kale, ena yunifolomu ya kuchipatala ili m'chikwama, ndipo kuti asamandigonere ndinayambitsa kachizolowezi kanga. Lachisanu lililonse, mphindi khumi zomaliza, ndinkawapatsa liwu limodzi limene linachoka kuno kwathu n'kukakhazikika m'kamwa mwa azungu.

Ankazikonda kwambiri. Tsiku la mango ndinawauza mmene Apwitikizi anafikira pagombe, n'kudya chipatsocho, n'kufunsa dzina lake, moti lero Mjeremani akamagula mango ku Hamburg amatchula dzina la kuno osadziwa. Tsiku la kattumaram, mitengo yomanga pamodzi ija asodzi athu amapita nayo panyanja, ndinawaonetsa chithunzi cha bwato loyera la anthu olemera a ku Falansa limene lili ndi dzina lomwelo, longopindika pang'ono. Dhanapal, wophika wonenepa amene ankakhala kumbuyo, anamenya tebulo.

"Ndiye kuti anatitengera zonse anthu amenewa! Ndi mayina omwe!"

Kalasi yonse inafa ndi kuseka, ndipo ine ndinkanyadira. Ndinkadziona ngati munthu wobwezera anthu anga katundu wawo wotayika.

Aphunzitsi anzanga akandifunsa za kwathu ndinkangoti, "Kumudzi, kupitirira Cuddalore." Akafunsa za bambo ndinkati, "Ndi woimba." Sindinkawonjezera kanthu. Iwo m'maganizo mwawo ankaona nkhalamba yovala silika itakhala pa kapeti muholo yaikulu, anthu akuwomba m'manja, ndipo ine ndinkawasiya aone zimenezo. A Velayudham mpaka ankati, "N'chifukwa chake khutu lanu limagwira msanga zilankhulo, madamu Anbarasi. Magazi a oimba amenewo."

Bambo anga, a Sannasi, ndi woimbadi. Amaimba parai, ng'oma yozungulira ngati lichero imene munthu amakoloweka paphewa n'kumaimenya ndi timitengo tiwiri, kena kakafupi konenepa, kena katali kopyapyala. Amaimba pamaliro. Agogo anga ankaimba pamaliro, ndi agogo awonso. Anthu a mtundu wathu dzina lawo analitengera ku ng'oma imeneyo: Paraiyar, anthu a parai. Nyumba zathu zili kutsidya kwa ngalande, kumene phula limathera, ndipo ndili mwana dzinali ndinkalimva kwambiri m'kamwa mwa anthu a tsidya linalo, likutuluka ngati munthu akulavula. Tsiku limene ndinapita ku koleji ndinalisiya pamalo okwerera basi, osalinyamulanso.

Lachisanu lina mu Okutobala, kunja kutachita mdima wa mvula, Filomina anakweza dzanja. Anali namwino wa zaka zoposa makumi anayi, wamkulu kuposa ine, mayi wosadziwa kunong'ona. M'manja anali ndi pepala limene anasindikiza kuchokera mu nyuzipepala ya ku Jeremani.

"Madamu, pali liwu apa silili m'kabuku kathu. Akunena za dziko lina limene mayiko onse alikana." Anatchula zilembo chimodzichimodzi. "P, a, r, i, a."

Ndinatembenuka n'kuyamba kulemba pa bolodi monga mwa masiku onse. Choko chisanafike pa chilembo chomaliza, ndinali nditalizindikira kale.

"Limenelo ndinalimvapo," anatero Dhanapal. "M'sitima munali Mtaliyana wina, ankatero ponena za mnzathu amene anakaneneza anzake kwa kapitawo. Aliyense anasiya kudya naye."

Dzanja langa linapitiriza lokha ntchito imene linazolowera. Ndinalemba mndandanda: Chijeremani, Chifalansa, Chitaliyana, Chisipanishi, konseko paria. Chipwitikizi chimodzimodzi, kungoika kachizindikiro pamwamba pa a woyamba. Chingerezi chimawonjezera h kumapeto. Tanthauzo ndinafotokoza ndi mawu a m'buku: munthu wosalidwa, amene anzake amuika padera, amene palibe afuna kuoneka naye. Ndinati amathanso kutero ponena za dziko kapena chipani. Sindinanene kuti Angerezi amatchulanso choncho agalu opanda mwini oyendayenda m'misika, ngakhale ndinkadziwa.

"Nanga linachokera kuti?" Filomina anafunsa. "Lero ndi Lachisanu, madamu."

M'kalasi munali anthu khumi ndi anayi, onse obadwira konkuno. Mtsikana wina wa kutsogolo anaweramira kope lake n'kuyamba kujambula timizere m'mphepete. Yankho ndinkalidziwa kuyambira chaka changa chachiwiri ku koleji, tsiku limene ndinalipeza mu dikishonale yaikulu ya mu laibulale n'kuitseka msanga ngati muli chinkhanira.

"Chilatini," ndinatero, ndipo mawu anga anatuluka osanjenjemera n'komwe. "M'Chilatini khoma amati paries. Ndiye munthu amene wasiyidwa kunja kwa khoma la mzinda, ameneyo ndiye paria."

Ndinazipeka pomwepo ndili chiimire, ndipo zinkamveka ngati zoona. Onse anawerama n'kulemba. Ndinaima n'kumayang'ana anthu akuluakulu akulemba bodza langa mosamala, ena mpaka kulidula mzere kunsi. Filomina analemba, anandiyang'ana kanthawi pamwamba pa magalasi ake, kenako anapinda pepala lake n'kuika m'chikwama.

Patapita milungu iwiri amayi awo a a Velayudham anamwalira, atakalamba kwambiri. Maliro anali kumudzi kwawo, pafupi ndi Bahour. Sukulu tinatseka Lachiwiri limenelo n'kuchita hayala minibasi, aphunzitsi atatu ndi ophunzira amene sanali pa ntchito. Kwathu n'kutali ndi Bahour, tsidya lina la mtsinje, ndipo ndinkayesa kuti kumeneko ali ndi oimba awoawo. Za bambo sindinaganizeko n'komwe.

Ndinazindikira tisanatsike m'minibasi. Dzanja la bambo ako pa ng'oma sungalisokoneze ndi la wina. Ali ndi kachizolowezi kochedwetsa kamtengo katali kaja pang'ono chabe, ngati munthu wopunthwa dala, kenako n'kugwetsa zonse pamodzi. Ndinakula ndi kamvekedwe kameneko.

Anali asanu, ataima pamsewu kunja kwa geti, pafupi ndi kamoto ka mapesi a mpunga kamene ankawambapo ng'oma zawo. Bambo anali pakati, opanda malaya, kansalu kofiira kali kumutu, nthiti zikuwerengeka. Anayi enawo ndinkawadziwa onse. Mmodzi wa iwo, amalume a Kuppan, ankandinyamula paphewa ndili wamng'ono kuti ndithyole bwemba.

Njira yolowera inali imodzi yokha. Ndinakokera kumutu nsonga ya sari, nsalu yathu yodzikulunga thupi lonse, ndinalowa pakati pa anzanga, maso pansi. Koma pageti penipeni Dhanapal anaima, nkhata ya maluwa ili m'manja, mutu ukugwedezeka motsatira ng'oma.

"Madamu, tamverani nkhalambayo! Inu ndinu mwana wa woimba, tiuzeni, si katswiri ameneyu?"

Ndinakweza maso. Bambo anali pafupi moti ndikanatambasula dzanja ndikanawagwira. Anandiona. Kamtengo sikanaphonye ngakhale kamodzi. Maso awo anakhala pa ine kanthawi kochepa, kenako anadutsa n'kupita pa Dhanapal, pa geti, pa mtengo wa kokonati, ngati mmene umayang'anira anthu otsika basi imene sukudikirapo aliyense.

"Amatha," ndinayankha. N'kulowa.

Ndinaika maluwa pamapazi a malemu, ndinapepesa azimayi olira, ndinakakhala pa mpando wa pulasitiki pansi pa tenti. Anatipatsa khofi m'makapu achitsulo. Pamene ndinakhala ndinkaona geti bwinobwino. Mayi wina anatuluka ndi makapu asanu apepala, anawaika pamwamba pa mpanda, anabwerera m'mbuyo, ndipo pokhapo m'pamene oimba aja anasendera kudzatenga.

Kunyamula maliro kunachedwa chifukwa mdzukulu wina wochokera ku Singapore anali asanafike. Dzuwa linafika paliwombo. Ng'oma zinaleka, ndipo bambo analowa pang'ono mkati mwa geti n'kukhala pa sitepe ya khonde pamene panali kamthunzi. Sanakhale mphindi ziwiri. Mlamu wawo wa a Velayudham, bambo wa mphete zagolide m'zala zitatu, anatuluka m'nyumba n'kuwaona.

"Iwe! Dzuka apo! Ukuona ngati ndi pakhomo pa amako pano? Paraiyan anayamba liti kukhala pakhonde la anthu?"

Bambo anadzuka msangamsanga. Anachotsa kansalu kaja kumutu n'kukapana m'khwapa.

"Pepani bwana, dzuwali."

Anabwerera kukaima pamsewu. A Velayudham anabwera n'kumugwira mkono mlamu wawoyo, akumuuza motsitsa mawu kuti zimenezo ayi, lero ayi, n'kulowa naye m'nyumba. Anthu a pansi pa tenti anayang'ana m'makapu mwawo. Filomina, amene anakhala pambali panga, anatsonya mokweza moti azimayi a mzere wa kutsogolo anatembenuka. Ine sindinatsonye n'komwe. Ndinamwa khofi wanga mpaka kutha, ndipo mtsikana wotolera makapu atabwera ndinamuthokoza.

Masana amuna ananyamula maliro, makombola akuphulika, maluwa akumwazidwa pamsewu, ng'oma zili patsogolo. Azimayi tinatsala. Ndinamvetsera dzanja la bambo likunka lizilala kumapeto kwa mudzi.

Sindinawaimbire foni Lachitatu, ngakhale Lachinayi. Lamlungu m'mawa ndinakwera basi.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, ng'oma ili pamiyendo, akumatira chikopa chatsopano ndi phala la nthanga za bwemba. Chimwalirireni amayi amakhala okha.

"Aa, madamu abwera," anatero osadzuka. "Mipando kulibe kuno, madamu, mukhala pa mphasa."

"Bambo, musatero."

"Wadya?"

"Ndadya."

"Wanama, milomo yakoyo yauma. Mumphikamo muli mpunga wa dzulo m'madzi, anyezi ali pawindo."

Ndinadya nditakhala pa mphasa, iwo akupitiriza ntchito yawo. Ndinali nditakonza mawu m'basi ulendo wonse, koma onse anathawa.

"Bambo, Lachiwiri lija..."

"Sari ija inakukhala," anandidula. "Yobiriwira ija. Kuppan ananena pobwerera kuti umaoneka ngati woweruza milandu."

"Amalume anandiona?"

"Onse anakuona. Ndinawauziratu m'basi popita kuti ameneyu ndi mayi wa bwana wa mwana wanga Anbu, ndiye Anbu akabwera, aliyense ayang'ane ng'oma yake."

Ndinasiya kudya. Masiku onse aja ndinkadzitonthoza kuti mwina zinangochitika mwadzidzidzi, tonse awiri tinasowa chochita. Pamene iwo anadziwa kuyambira m'mawa. Anakhala m'basi ndi amuna anayi amene anandilera, n'kupangana mmene adzandithandizire kuwakana.

"Ndinafuna kukana ntchitoyo," anapitiriza. "Koma gogo uja anachita kunditchula dzina asanamwalire. Ndine ndinaperekeza amuna ake. Munthu wakufa sungamukanire."

"Simunakwiye nane?"

"Ndikwiyire chiyani? Ndinakutumiza kusukulu kuti udzaime nane padzuwa?"

"Munthu uja anakutukwanani ine ndili pomwepo, bambo. Ndili ndi kapu m'manja."

"Wa mphete uja?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Uja ndinaimbira bambo ake, ndidzamuimbiranso iyeyo. Akadzagona chagada sadzandiuza pokhala."

Akanandikalipira bwenzi zitapepukako. Ndinayang'ana zala zawo zikusalaza chikopa m'mphepete mwa ng'oma. Kenako, kaya n'chifukwa chiyani, mwina pofuna kuwapatsako kanthu, ndinayamba kuwauza za liwu lija. Ndinati dzina la mtundu wathu lilinso m'Chifalansa.

Anasiya ntchito. "Ku Falansa? Amatidziwa kumeneko?"

"Ndi ku Jeremani komwe. Ku Italiya, ku Sipeni, ku Mangalande. Lili m'mabuku awo onse."

"Taona! Ndiye amaimba parai kumeneko?"

"Ayi. Sadziwa n'komwe kuti pali ng'oma."

"Nanga amalitchula pa chiyani?"

Ndinawauza: munthu aliyense amene anzake amusala, amene palibe afuna kudya naye. Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono. Anatenga kansalu n'kupukuta zala chimodzichimodzi.

"Linafika bwanji kutali konseko?"

"Pa sitima. Zaka mazana asanu zapitazo Apwitikizi anabwera kudzagula tsabola ndi nsalu. Anaona anthu okhala padera kunja kwa midzi, anafunsa kuti amenewa ndani, anauzidwa, analemba m'mabuku awo. Afalansa ndi Angerezi anatengera pomwepo. Kenako anaiwala kuti ndi dzina la anthu enieni, n'kumangotchulira aliyense wotayidwa."

"Anafunsa ndani?"

"Kaya. Amene ankachita nawo malonda."

"A tsidya lija." Anagwedeza mutu. "Akanafunsa agogo ako akanawauza kuti parai ndi kunena. Kulengeza. Damu likaphulika, ng'oma ndi imene inkayamba kunena. Mfumu ikaitana anthu, munthu akamwalira, chilombo chikalowa m'mudzi, anthu ankamvera kwa ife. Ndiye dzina linawoloka nyanja, ng'oma n'kutsala kuno." Anaigogoda ndi chala, koma chikopa chinali chisanaume, inangoti phu. "Chabwino. Nanga ana ako a sukulu unawauza zimenezi? Anasangalala ngati za mango zija unkandiuza?"

Ndikanatha kunena kuti inde. Sakanadziwa.

"Ndinawauza kuti linachokera ku Chilatini."

"Chilatini n'chiyani?"

"Chilankhulo chakale cha azungu. Chija ankapempherera ansembe."

"Ndiye linachokeradi kumeneko?"

"Ayi. Ndinangopeka."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Pageti paja maso awo anandidutsa, koma tsiku limeneli anakhazikika pa ine, ndipo ndinasowa koloza nkhope.

"Analemba?"

"Analemba."

"Zondidutsa pageti zija ndi za iwe ndi ine, Anbu. Zimenezo n'zapakhomo. Koma anthu aja amachoka kuntchito atatopa kudzakhala pamaso pako chifukwa amati madamu amadziwa. Ndiye apita nazo ku Jeremani zimenezo?"

Anadzuka, anakapachika ng'oma pa msomali pamthunzi, anakasamba m'manja pa mpopi. Masana anaphika nsomba, tinadya tikukamba za denga limene linkadontha. Nthawi zonse amandiperekeza mpaka pa phula. Tsiku limenelo anati mwendo ukuwawa.

Sindinadikire Lachisanu. Lolemba, nditangolowa m'kalasi, ndinawauza kuti atsegule makope awo pa tsamba la milungu itatu yapitayo.

"Pamene munalemba za khoma la Chilatini, khwatchani."

Anayang'anana. Ndinalemba pa bolodi parai, kunsi kwake Paraiyar, kunsi kwake paria, n'kulumikiza ndi mizere. Ndinafotokoza za ng'oma, za sitima za Apwitikizi, za mmene dzina la anthu linasandukira chitukwano m'zilankhulo zisanu ndi chimodzi. Pamenepo zinali zosavuta, inali ntchito yanga ya masiku onse. Kenako ndinaika choko patebulo.

"Ndinakunamizani dala. Ndinkadziwa. Ndipo nkhalamba ija inkaimba pamaliro ku Bahour, ya kansalu kofiira, imene inathamangitsidwa pakhonde, ndi bambo anga ondibereka."

Dhanapal anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Mayo ine! Ndipo ndinachita kukufunsani pamaso pawo! Madamu, mundikhululukire, pakamwa pangapa ndi pa ng'ona."

"Simunalakwe kanthu, a Dhanapal. Munati ndi katswiri. Ine ndi amene ndinati amatha."

Palibe anaseka. Filomina anavula magalasi ake n'kuwapukuta ndi nsonga ya sari.

"Madamu, ndinene?"

"Nenani."

"Za Chilatini zija palibe anakhulupirira muno. Tonse tili ndi makutu. Tinangolemba poopa kukuchititsani manyazi." Ena anawerama. "Ndipo ine sindinafunse chifukwa chosadziwa. Inenso ndine wa mtundu womwewo, madamu, kulowa tchalitchi sikunasinthe kanthu. Zaka makumi anayi liwu limeneli ndakhala ndikulimva potukwana pokhapokha. Nditaliona mu nyuzipepala ya azungu ndinati, madamu athu aja amadziwa mbiri ya mawu, mwina ndikamveko kamodzi likunenedwa pa bolodi, ndi mphunzitsi, ngati mango. Ndiye munandipatsa khoma."

Ndinayang'ana mawu atatu aja pa bolodi.

"Koma za bambo anu sindinadziwe," anapitiriza. "Ndikanadziwa, pageti paja ndikanakukokani dzanja mpaka mukanawapatsa moni, mufune musafune."

Kenako anavala magalasi ake n'kunena kuti mayeso ali pafupi, tipitirize. Tinapitiriza. Ola lonse ndinaphunzitsa mmene namwino amafunsira wodwala m'Chijeremani ngati wagona bwino, ndipo sindikukumbuka liwu ndi limodzi lomwe limene ndinanena.

Nkhani siinachedwe kufika mu ofesi. Tsiku lisanathe a Velayudham anandiitana. Anaimirira nditalowa, chinthu chimene sankachita, ndipo ankangosuntha mapepala patebulo.

"Mukanandiuza, madamu."

"Ndikanakuuzani mukanatani, bwana?"

Anaganiza nthawi yaitali, ndipo ndimawalemekeza chifukwa sanathamangire yankho lokoma.

"Kaya. Mwina ndikanawalowetsa m'nyumba. Mwina ndikanangopeza oimba ena kuti zisavute." Anapukusa mutu. "Bambo anu ndawaona pa maliro onse a kwathu kuyambira ndili mnyamata. Sindinafunsepo ngati ali ndi ana."

Anafuna kupita kumudzi kukapepesa. Nditawauza bambo pa foni anati, "Uwauze kuti maliro anatha, asawononge petulo." A Velayudham sanapite. Ntchito sanandichotse, ulemu sanachepetse, mwina anachita kuwonjeza, ulemu wosamala ngati wa munthu wonyamula mazira. Za magazi a oimba sananenenso. Mmodzi wa atsikana a ku Paris aja anasamukira m'kalasi ya mphunzitsi wina osanena chifukwa, ndipo mphunzitsi mnzanga amene tinkagawana chakudya masana anayamba kumati wadyeratu kunyumba. Filomina anakhoza mayeso ake mu Disembala n'kupita ku Stuttgart.

Mu Januwale bambo anabwera mumzinda kudzachotsa ng'ala m'diso lamanzere. Titatuluka m'chipatala, diso lili lomata ndi thonje, anati akufuna aone nyanja asanakwere basi. Anavala malaya awo oyera a ku ukwati, aakulu kuposa thupi lawo, ndi patapata. Ndinawagwira pachigongono n'kumayenda nawo pang'onopang'ono mumsewu wa m'mphepete mwa nyanja, iwo akudandaula kuti madokotala a masiku ano ndi ana.

Patsogolo ndinaona mayi Sowmya, amene anandiphunzitsa Chifalansa ku koleji, akubwera ndi amuna awo. Ankandikonda kwambiri mayi amenewo, ndipo za kwathu sankadziwa chilichonse. Anandiona, anakweza dzanja akumwetulira.

Zala zanga zinamasuka zokha pachigongono cha bambo. Sizinachoke kwenikweni, zinangofooka, kwa kanthawi kochepa ngati kuphethira. Kenako ndinagwiranso mwamphamvu.

"Madamu, awa ndi bambo anga, a Sannasi. Amaimba parai."

Anapatsana moni mwaulemu, anafunsa za diso, anati mwana wanuyu anali wanzeru kwambiri m'kalasi, bambo anati anatengera amake. Anadutsa. Tinayenda mapazi angapo.

"Dzanja lako lija linapita kuti?" anafunsa bambo, osandiyang'ana.

"Linabwerera, bambo."

"Ee, ndinalimva likubwerera."

Analoza ngolo ya munthu wogulitsa nandolo zowiritsa zothira kokonati ndi tsabola, anati ali ndi njala. Ndinagula mapaketi awiri. Tinakhala pa benchi moyang'ana madzi, iwo akupendeketsa mutu kuti aone bwino ndi diso limodzilo. Anadya zawo zonse, ndipo ataona kuti zanga sindinazikhudze, anatenga n'kudyanso.